Nsapato Zanga ndi Bango la Ambuya

Wina akangotchula ambuya Nambewe, amayi awo a atate, mphuno zanga zimadzaza fungo la timibulu toyera tothamangitsa njenjete tija ankathira m'thiranki lawo lachitsulo, fungo lolasa mpaka m'mutu, losakanikirana ndi utsi wa makala onyowa pa mbaula ndi la polishi wofiira amene ankapanga okha posungunula makandulo m'parafini. Tinkakhala ku komboni ya Chawama, m'nyumba ya zipinda ziwiri, malata ake otsendereza ndi miyala. Atate ankasenza matumba ku fakitale ya ufa, amayi ankagulitsa tomato pamsika, onse akadali achichepere, ine Enelesi mwana wawo woyamba. Ambuya anabwera kuchokera ku Katete ati kudzaona mdzukulu, ndipo kuonako anaona mpaka tsiku la imfa yawo.

Pa utsikana wawo analerako ana a mzungu ku Chipata, ndiye pa nkhani yokonza m'nyumba panalibe wowauza kanthu. Pa mashelefu ankayala nyuzipepala zodula mano-mano ndi sizasi. Pa mpando uliwonse ankaikapo kansalu koluka okha, koyera mbee, ndipo akatero mpandowo unkasanduka wa alendo, ife eni nyumba n'kumakhala pa mphasa. Pansi akapaka polishi uja n'kupukuta mpaka kuwala, ankaima pakhomo, aliyense wofuna kulowa ayambe wafotokoza chimene akukatenga. Makapu a maluwa amene amayi anapatsidwa pa ukwati wawo anawaika pamwamba kuti anthu aziona, ife tiyi tizimwera m'zitini za jamu. Amayi ankangoyang'ana n'kumeza malovu, poti mtengwa sayankha apongozi.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene sopo, shuga ndi mafuta ophikira aja tinkati saladi zinkasowa, ukaona mzere umangoimapo kaye, za chimene akugulitsa n'kufunsa pambuyo. Amayi ankapsa ndi dzuwa pa mzere, kubwera ndi kabotolo ka saladi, ambuya n'kukalandira ndi manja awiri, ulendo wa m'thiranki. Pophika kapenta ankaviika kumchira kwa supuni m'botolo n'kudonthezera mumphika timadontho toti kapenta mwini wake sankadziwa kuti wathiridwa mafuta. Sopo wonunkhira ankagona pakati pa zitenje mpaka kung'aluka. Musaganize kuti anali oumira, ayi ndithu, mlendo akabwera ankadya bwino kuposa ife. Vuto lawo linali lakuti chinthu chabwino chilichonse sichinali cha lero. Ukadandaula, yankho linali lomwelo: "Sunga khosi, mkanda woyera udzavala." Khosi ndinasunga ine, abale, mpaka linatopa.

Chaka chimene ndinayamba sukulu, atate analonjeza kuti pa Khirisimasi andigulira nsapato, zoyamba m'moyo wanga. Masiku amenewo mwana sankapita naye ku tawuni kukayesa. Ankathyola kabango, kuyeza phazi, kholo n'kupita nako kusitolo m'thumba. Woyeza anali ambuya, nanga akanalola wina? Anandipondetsa pa bango, anaika chikhadabo pamene chala changa chachikulu chinathera, kenako anasuntha chikhadabocho patsogolo, anasunthanso, n'kudula pamenepo. Amayi ananena motsitsa mawu kuti bangolo latalika. Ambuya anati mwana ndi dzungu, amakula anthu ali m'tulo, ndipo wogula nsapato yokwana ndendende ndi munthu wosaganiza za mawa.

Atate anabwera nalo bokosi tsiku loti mawa Khirisimasi. Zinali zofiira psuu, zokhala ndi kalamba kodutsa pamwamba pa phazi ndi kachitsulo konyezimira m'mbali. Ndinazigwira kamodzi kokha, ndinazinunkhiza. Ndisanakhale pansi kuti ndiyese, ambuya anali atalanda bokosi, anaitanitsa bango lija m'thumba la atate, anandipondetsanso. Phazi linali kutali ndi kumapeto. Anati nsapato yaikulu imavuka, ndipo ndi madzi a mvula a ku Chawama tikaitola ku komboni ya Kanyama. Za kuyesa anakana, ati nsapato yoyesayesa imathyoka msana. Bokosi linalowa m'thiranki, loko khethe, bango anakalitsomeka kudenga. Atate anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu, anakanda m'mutu, n'kutuluka panja.

Ine ndi pakamwa pangapa ndinali nditalengeza kale ku mpopi konse kuti pa Khirisimasi mudzandiona. Anandionadi, ndikuponda matope ndi mapazi anga obadwa nawo, nditavala diresi latsopano losoka ambuya, lofika m'akakolo, mpendero wake wopinda katatu kuti ndidzakuliremo. Anzanga sanandisiye. Ankati Enelesi ni wa boza, ena ankati nsapato zake zilipo koma amavala ni makoswe a mu thiranki. Ndinamenyana nawo, ndinalira, ndinalumbira ndi malovu pakhosi kuti n'zofiira, koma umboni unali pa loko. Ndinayamba kukoka zala zanga za kumapazi m'mawa uliwonse kuti zitalike. Ndikaona ambuya akuseka ndi anzawo, ndinkathamanga kukapempha kuti andiyeze, iwo n'kutsitsa bango mwaulemu wake wonse, kundipondetsa, kupukusa mutu. Khirisimasi ina inadutsa choncho. Mng'ono wanga Mailesi anabadwa, ine ndikadali kuthamangitsa bango.

Chaka chotsatira, ana a Sande sukulu tinaphunzira nyimbo zoti tikaimbe kutsogolo kwa mpingo pa Khirisimasi, ndipo aphunzitsi anati ovala nsapato adzaima mzere woyamba, enafe kumbuyo. Mawu ndinali nawo, ine ndi amene ndinkayambitsa nyimbo. Ndinafika kunyumba nditatupa ndi mkwiyo, ndinakana kudya. Amayi anangondiyang'ana kumapazi nthawi yaitali.

M'mawa wa Khirisimasi kunacha ndi mvula yowaza. Masikono anali atapsa kale mumphika wa makala pamwamba, mpunga amayi anali atausankha, nkhuku yosoola ili m'beseni. Amayi anakhala pa kampando ka panja, mpeni m'manja, koma osadula. Ambuya anatuluka, anafunsa ngati nkhukuyo idzidula yokha. Amayi, amene chikwatiwire anali asanawayankhepo, anati nkhuku sipita pamoto mwana asanavale nsapato zake. Ndinaona atate akubwerera cham'mbuyo kulowa m'nyumba.

Ambuya anatsitsa bango kudenga, anandipondetsa, n'kuloza ndi chala kuti amayi adzionere okha kuti patsala pang'ono.

"Bango siyivalidwa, amai," anatero amayi m'chilankhulo chawo cha ku Matero kumene anakulira. "Bweretsani nsapato."

Kaya chinawagwira ambuya n'chiyani, mwina njala ya nkhuku, koma anapita. Tinamva loko akutseguka, kenako anatuluka ndi bokosi, akung'ung'udza kuti ana a m'tawuni alibe khosi losunga. Nsapato zinali monga ndinazisiyira, zofiira, zosakhudzidwa. Ndinakhala pa mphasa, ndinapukuta mapazi ndi diresi, ndinalowetsa zala. Zala zinalowa, chidendene chinatsala panja. Ndinakankha, ndinapinda zala, ndinaima n'kupondereza, osatheka. Ambuya anati ndikuchitira dala. Anagwada okha, anakoka, anapotokola, anandipaka sopo. Kenako anachita chinthu chimene Chawama yense akanabwera kudzaonerera: anatenga botolo la saladi lija n'kunditsanulira paphazi, osati madontho, kutsanula ndithu. Phazi linanyezimira ngati chitumbuwa, koma kulowa linakana.

Apo ndi pamene amayi anatola bango n'kuligoneka pambali pa nsapato. Bango linapitirira nsapatoyo kutali. Tonse tinatembenukira kukhomo, kumene atate anali atasuzumira. Anatuluka akusisita manja, anafotokoza akuyang'ana pansi kuti tsiku lija m'sitolo mashelefu anali mbee, nsapato za atsikana zinatsala zomwezo, wogulitsa anawauza kuti atenge kapena apatse mpata ena. Iwo anaona kuti n'zazifupi kuposa bango, koma anadziwa kuti mwana zimukwana bwino lomwe. Atafika kunyumba n'kuona amayi awo atagwira bango, mawu anawathawa. Ankati anena mawa.

Ha! Ndikaganiza, mpaka lero magazi amandiwira. Ndiye kuti tsiku lija ndinazinunkhiza, nsapato zinali zondikwana. Zaka zonsezo ine ndikukoka zala, kumenyana ndi ana a eni ku mpopi, phazi linali likutsanzikana ndi nsapato, anthu akuluakulu atatu ali m'nyumba, palibe mmodzi anaganiza zoika bango pa nsapato. Wina ankaopa amayi ake, wina ankaopa apongozi, wachitatu sankalakwa.

Ndinalira mokuwa. Ambuya anawakalipira atate kuti mwamuna wanji wosowa pakamwa, ngati kuti wowatseka pakamwapo anali munthu wina wa ku komboni ya Mtendere. Atamaliza anapuma, anatenga nsapato ija, anaipukuta saladi ndi chitenje, n'kuyamba kuibweza m'bokosi.

"Palibe chatayika," anatero. "Mailesi adzavala."

Mailesi ameneyo anali kumbuyo kwa amayi, akuyamwa chala, ngakhale kukwawa asanayambe.

Amayi anaimirira. Sanakweze mawu. Anatambasula dzanja, anachotsa nsapato zonse ziwiri m'bokosi lili m'manja mwa ambuya, anakagwada pa thabwa lodulirapo nkhuku. Anaika nsapato yoyamba pathabwa, mpeni pamphuno pake, anatsendereza ndi thupi lonse. Chikopa chinalira, mphuno ya nsapato inagwa pansi. Anadulanso inayo. Ambuya anagwira pamutu, pakamwa yasa.

"Amake Enelesi, mwapha nsapato."

"Ni za Enelesi, amai. Anamugulila ni iye. Azavala lelo."

Ndinalowetsa phazi, zala zinatulukira kutsogolo, chidendene chinakhala m'malo mwake. Amayi anamanga kalamba kaja okha. Kunena zoona zinkaoneka zoseketsa, zala zonse zili pamtunda ngati ana a mbewa pa una, koma zinali zofiira, zinali kumapazi anga, ndipo kachitsulo kankanyezimira. Nkhuku inapita pamoto.

Mukuganiza kuti ambuya anagonja? Nthawi yopita ku tchalitchi itakwana, anati nsapato ndinyamule m'manja, ndikavalire pakhomo pa tchalitchi monga amachitira anthu anzeru. Amayi anati ndivala kuchokera pano. Ambuya anayang'ana njira, matope okhaokha, madzi akuyenda m'mipata ya nyumba, anayang'ana nsapato. Kenako anavula chitenje chimodzi, anawerama patsogolo panga n'kundiuza kuti ndikwere. Ndinakana, ndinali mtsikana wamkulu wa sukulu. Anandiyang'ana diso lija, ndinakwera.

Anandibereka Chawama yense akuona, miyendo yanga ikulendewera mpaka m'mawondo mwawo, iwo akuponda m'madzi opanda nsapato, akupuma movutika, akunyoza amayi, atate, mvula ndi wogulitsa wa m'sitolo. Anzanga a ku mpopi anatuluka m'nyumba zawo kudzaseka khanda la ambuya. Manyazi amene ndinachita, ndinabisa nkhope pamsana pawo. Koma nsapato zinali m'mwamba, uku ndi uku, aliyense anaziona, ndipo ndinamva wina akuuza mnzake kuti kansi ni zoona, ni zofiila. Pakhomo pa tchalitchi ananditsitsa, anagwada, anapukuta kadontho kamodzi ka matope ndi malovu, n'kundiuza kuti ndisathamange. Ndinaima mzere woyamba, ndinayambitsa nyimbo.

Nsapatozo ndinazivala mpaka zinang'ambika, ambuya akudandaula tsiku lililonse. Amayi sanawakhululukire msanga, iwonso sanapepese, koma ndinkawakonda mayi wouma mutu uja, ndipo ndikamawakumbukira ndimawakwiyirabe.

Lero ambuya ndine. Ana anga akamafunsa choti agulire ana awo pa Khirisimasi, ndimati bweretsani mwanayo, ndipite naye ndekha ndi mapazi ake. Timayesa m'sitolo momwemo, yomukwana lero, amavala pomwepo, bokosi ndimalisiya pa kauntala. Atsikana ogulitsa amandithamangira ati ndaiwala, ine n'kuwauza kuti sindinaiwale. Tikatuluka panja mvula itagwa, mwana amalunjika pa chithaphwi choyamba. Mtima umandipweteka, msana umayamba kuwerama wokha kuti ndimubereke. Ndimadziwongola, ndimamusiya aponde.