Chifuwa chija ndinachiseka m'basi

Aphunzitsi Jere, lero mu Leicester muno ndaona chikwangwani cha sewero la mlembi wa ku France munkamukonda uja. Ndaima pomwepo mpaka basi yandisiya. Papita zaka ziwiri chitisiyireni, koma ndakumbuka masana aja m'basi ya ku Beaumont Leys, inu mukuchokera ku shifiti yosamalira okalamba, yunifomu ili m'jumbo. Kumudzi munkaphunzitsa Chifalansa, ndiye ngakhale kuno tinkakuitananibe Aphunzitsi. Munandisimbira kuti mlembiyo anasiya ntchito yabwino ya bambo ake n'kumayendayenda ndi gulu la zisudzo, mpaka anafika poseketsa mfumu ponyoza madokotala. Kenako munati, "Tamvera mwanawe, mu sewero lomaliza anakhala munthu wodziganizira matenda amene alibe, pomwe mwini wakeyo akudwaladi. Iye kutsokomola, anthu kuseka." Munatsokomola pondionetsa mpaka misozi, ine n'kuseka.

Ine ndine nesi, Aphunzitsi. Chifuwa chotere ndimachimva kuwodi, ndipo tsiku lija khutu langa linachizindikira. Koma ndinaleredwa kuti mwana safunsa wamkulu za m'thupi mwake mwiniwake asanayambe, ndiye ndinangoti, "Inu mukanakhala wa zisudzo basi." Mmene munkapita kuchipatala n'kuti nthawi itatha. Mpaka lero sindidziwa ngati munkasewera kapena munkandiuza. Sewero la pa chikwangwani chija ndi lomaliza lomwelo, ndiye ndagula tikiti imodzi ya Loweruka. Wosewerayo akakatsokomola pa siteji, ena akaseke. Ine ndikakhala chete, ndikamvetsere monga ndinayenera kukumverani inu. Usani mumtendere.