Chitenje cha Mayi Anga pa Msana wa Mlendo

Agogo anga a Nangozo ndimawakumbukira ndi fungo la simbi ya makala ikamayenda pa nsalu yonyowa, kautsi kakutuluka m'mabowo ake, iwo akuuzira phulusa kuti lisagwere pa ntchito yawo. Lachinayi lililonse masana amayi asanu a kutchalitchi kwathu ku Biwi ankadzaza khonde lathu ndi matumba a tizidutswa ta nsalu topempha kwa matelala a mumsika, n'kumatilumikiza pamanja kuti tikhale zofunda za ana odwala khansa ku chipatala chachikulu. Panalibe wowalipira. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mayi anga atamwalira chaka chapitacho, ndipo sindinkayankhula kwenikweni.

Chimene mayi anandisiyira chinali chitenje chimodzi chobiriwira cha mbalame zachikasu. Zovala zina abale anagawana maliro atatha, koma ichi agogo anachibisa m'sutikesi pansi pa bedi. Iwo akapita kumpopi ndinkachitulutsa n'kuchinunkhiza, chifukwa chinali chidakali ndi fungo la mafuta amene mayi ankadzola.

Tsiku lina pochokera kusukulu ndinapeza mbalame zachikasu zija zili mbwee pamphasa, zitadulidwadulidwa ndi sizasi. Ndinangoima pakhomo, mabuku ali m'manja.

"A Nangozo, zoona chitenje cha malemu?" ankatero amake Fatsani, a nyumba yoyandikana nafe. "Mwana wodwala n'kumufunditsa za womwalira? Mukufuna azitinena kuti ndife afiti?"

"Ndachichapa ndi sopo, ufitiwo wachoka," anayankha agogo osadzutsa mutu. "Anesi ati kwabwera mwana wochokera ku Dedza, akugona pa pulasitiki ya matiresi wopanda chofunda. Tizidutswa tatha. Kapena tidule chanu mwavalacho?"

Amayi onse anaseka. Ine agogo sanandiyang'ane n'komwe. Chofundacho chinasokedwa, chinapita, ndipo kwa masabata awiri ndinkawayankha ndi mutu wokha. Loweruka limene ankakapereka zofunda zina ndinapempha kuwaperekeza, lezala ili m'thumba la diresi. Ndinkafuna kupeza mwana uja n'kudulako mbalame imodzi yokha.

M'wodimo sitinafikemo. Titangotsika minibasi pa siteji ya pachipata cha chipatala, dzuwa likuswa mtengo, utsi wa chimanga chootcha ukusakanikirana ndi wa magalimoto, ndinaona mbalame zanga pamsana pa mayi wina woonda wovala masilipasi osiyana mitundu. Anali atabereka mwana wamkulu ndithu, atamuphimba mutu wonse, koma chofundacho chinali chachifupi ndipo kaphazi kamodzi kankalendewera kunsi. Ndinasendera kumbuyo kwake mwakachetechete, lezala ili m'manja. Pogwira nsonga ya nsaluyo, dzanja langa linakhudza kaphazi kaja. Kanali kouma, kozizira ngati mpopi wa m'mawa.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe, koma agogo anandifinya mkono mpaka lezala inagwa.

"Wagona," anatero chapansipansi. "Wamva? Wagona."

Anavula mpango wawo wakumutu n'kukulunga kaphaziko ngati akungomukonza mwanayo, kenako anati kwa mayiyo, "Tiyeni, mwana wanga, tikuperekezeni ku depoti." Mayiyo sanafunse kuti ndife ndani. Ndinamvetsa pambuyo pake kuti galimoto yonyamula maliro mpaka ku Dedza sakanaikwanitsa, ndipo kondakitala akadziwa kuti pamsanapo pali mtembo sangakukweze. Ankayenera kukafika kwawo osagwetsa msozi.

M'minibasi yopita ku depoti tinamukhazika pakati pathu, iye atakhala m'mphepete mwa mpando kuti asapanikize mwana.

"Mayi, kutentha konseku mwamuphimba chonchi?" anatero kondakitala. "Mupha mwanatu. Mutsitseni mumufukate, mwadya malo a anthu awiri."

"Iwe ndiwe dokotala kapena kondakitala?" anamubweza agogo. "Mwana ali ndi malungo, akumva kuzizira. Tseka chitseko tizipita, takalamba kale pano."

Anthu anaseka, kondakitala anatseka chitseko. Mayi uja nayenso anayesa kumwetulira. Mbalame imodzi yachikasu inali pafupi ndi tsaya langa ulendo wonsewo, ulusi wa agogo ukuoneka m'mbali mwake. Sindinaikhudze.

Ku depoti agogo anamufunira mpando wa kumbuyo pawindo m'basi ya ku Dedza, ndipo tinaima pomwepo mpaka inadzaza. Itangokhota kutuluka pageti, agogo anakhala pansi pafumbi, imvi zili pamtunda, pakati pa ogulitsa nthochi ndi oitanira mabasi, n'kuyamba kulira maliro amene mwini wake sakanatha kulira. Ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale tsiku loika mayi anga. Ndinakhala nawo pafumbipo. Za chitenjecho sitinakambiranepo mpaka iwo anamwalira.

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndipo Loweruka ndimasoka zofunda ndi amayi ena ku Area 25. Zanga zimatalika kuposa muyeso umene anesi anatipatsa, ndipo atsikana ongolowa kumene amadandaula kuti ndikuwononga nsalu. Ndimawauza kuti ana amakula msanga.