Fupa la Mbalagha

Ndine ndinakwirira fupalo. Ndineneretu, chifukwa mpaka lero alipo amene amanamizira msuweni wanga, munthu woti ngakhale bodza laling'ono limamukanika.

Kwathu ku Lupembe kulibe choimitsa mlendo. Magalimoto amangodutsa kuthamangira kuboma, kunyumba yosungira zakale komwe kuli mafupa a chinyama chachikulu chija amati dainoso. Alendo akachijambula, ulendo wa ku Tanzania. Ife timatsala ndi fumbi lawo ndi dzuwa lathu.

Aphunzitsi athu a mbiri yakale, a ku Dedza, zimenezi zinkawapweteka kuposa eni akefe. Tsiku ndi tsiku nyimbo inali imodzi: "Ana inu, mukuyenda pamwamba pa chuma. Nthaka ino ili ndi mbiri." Ife tikuwodzera ndi kutentha. Ndili folomu 3 ndinatopa nayo nyimboyo, ndiye ndinati ndiwapatse chuma chawocho.

Azakhali anga amagulitsa mbalagha pamsewu, nthochi zophikira limodzi ndi nyama ya ng'ombe. Ndinatola fupa lalikulu la mwendo kuseri kwa benchi yawo, ndinaliwaula pamoto, n'kulipaka dothi lofiira. Ndinakalikwirira m'chigwembe cha kuseri kwa sukulu, nsonga yokha ikuonekera. Mawa lake ndinadutsa nawo aphunzitsi kumeneko ngati mwangozi.

Anagwada pomwepo. "Usakhudze, mwana wanga! Usakhudze!"

Ine ndinkayesa zithera pomwepo. Iwo anaimbira foni akatswiri kuti abwere Lachisanu, n'kulonjeza makolo pamsonkhano kuti posachedwa alendo aziima pano. Anthu otopa sachedwa kukhulupirira. Sabata yonse anasiya kupalira n'kumakumba m'chigwembe muja. Wina anapenta chikwangwani. Azakhali anaoda nthochi zochuluka.

Lachisanu aphunzitsi anamanga taye dzuwa lili nge, fupa ataliika patebulo pa nsalu yoyera. Tikudikira galimoto ya akatswiri, azakhali anafika ndi poto wawo kudzagulitsa kwa alendowo. Fupa lija analiyang'ana kamodzi kokha.

"Aphunzitsi, ichi n'chiwangwa changa," anatero akuloza fupalo, Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka. "Onani apa. Chikwanje changa n'chobenthuka, chimasiya mizere iwiri."

"Mayi, fupa ili ndi la zaka zosawerengeka."

"Ndiye kuti ine ndakalamba zedi. Ng'ombe iyi munadya nawo mwezi watha, munapempha ndi msuzi wowonjezera."

Ndinaseka ndekha. Enawo anangotola makasu awo n'kumapita kuminda komwe udzu unali utawapitirira. Aphunzitsi anaimbanso foni kuti galimoto ija ibwerere, anavula taye n'kuipinda m'thumba. Chiyambire tsikulo sanatchulenso za chuma. Amangolemba manotsi pabolodi, ife n'kumakopera. Ndivomere, m'pamene kalasi yawo inayamba kutopetsa zenizeni.

Kundigwira sikunavute. Azakhali amadziwa amene amazungulira kuseri kwa benchi yawo, komanso ndi ine ndekha ndinaseka. Ahedi anagamula kuti ndikwirire ndekha maenje onse amene mudzi unakumba.

Zinanditengera masabata awiri, ndipo manja anachita matuza. Masana ena aphunzitsi ankabwera kudzaima m'mphepete mwa dzenje, maso ali pa dothi la pafosholo yanga, fosholo iliyonse. Ine ndinkangoimba mluzu. Ahedi akanandifunsa ndikanawauza kuti asankhe chilango china, chifukwa kukwirira ndiye ntchito yomwe ndinali nditaonetsa kale kuti ndimaidziwa.