Mphindi Zisanu za Azakhali

Azakhali anga anali atelala, a makina opalasa ndi mwendo, ndipo anasoka zaka makumi awiri pakhonde la sitolo ya nsapato. Nthabwala zawo zinali zoluma: kasitomala akabweretsa nsalu yochepa ankamufunsa ngati akusoketsa diresi kapena mpango. Nkhondo itabuka, asilikali anatsitsa mwana wawo m'basi n'kupita naye, ndipo kuseka kunathera pomwepo.

Amayi ena omwe ana awo anasowa anayamba kubwera pakhondepo, wina ndi chithunzi, wina ndi dzina lokha. Bungwe linabadwa chomwecho. Mayinawo ankalembedwa m'kope la miyeso, pakati pa ziuno ndi mapewa a makasitomala, mpaka anakwana mazana atatu.

Mbali ziwiri za nkhondoyo zitatopa kuphana, zinakhala pansi m'holo ya hotela. Bungwe la amayi lija linapempha mpando pazokambiranazo kwa chaka chathunthu, n'kupatsidwa mphindi zisanu zokha. Pempho la amayi linali limodzi: pangano la mtendere linene kuti osowa afunidwe, kaya amoyo kaya mafupa. Anasankha azakhali, poti sankaopa munthu.

Ndinawaperekeza. Pansi panali kapeti, patebulo madzi a m'mabotolo, ndipo akuluakulu khumi ndi awiri anali atakhala ndi masuti awo. Azakhali anaimirira, kope lili m'manja. Koma munthu woleredwa bwino sapempha kanthu asanapereke moni. Anayamba ndi wapampando, kenako mkulu wa asilikali, aliyense ndi udindo wake, kumufunsa za ulendo, kumuthokoza. Ine ndikuwakodola, iwo osandiona. Atangotsegula kope, maikolofoni inazima.

"Mayi, nthawi yatha," anatero wapampando. "Zikomo chifukwa cha mawu aulemu."

Anawaombera m'manja, afisi amenewo. Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima. Sabata yotsatira anasaina pangano, maudindo n'kugawana, koma za osowa munalibe ngakhale mzere umodzi.

Mfuti zinaleka kulira, sindikana. Tsiku lomwe azakhali anabwerera pamakina, woyamba kufika anali mayi wogulitsa makala, yemwe miyendo inamukaniza ulendo uja.

"Anzanga, wanga uja munamutchula?"

"Ndinamutchula."

"Ndiye anati chiyani?"

Azakhali analuma ulusi, maso ali pansalu.

"Analemba."

Mayiyo anagwada n'kuwagwira mawondo powathokoza. Kumbuyo kwake kunali amayi ena, atandanda mpaka kumsewu, aliyense akudikira kufunsa za wake.