Chotupa cha pakhosi pa bamayo

Ine ndine uja wowerenga chilichonse, ngakhale nyuzipepala yokulungira vitumbuwa. Ku Chawama amanditcha ba profesa, chonsecho sukulu ndinalekezera giredi seveni. Kapepala kam'bokosi la mapilitsi a bamayo, ondibereka, ndinakawerenga katatu. Kanati mapilitsiwo amaletsa magazi kuundana, ndipo wofuna kucheka wodwalayo auzidwe kaye.

Bamayo anali ndi kachotupa kumbuyo kwa khosi, kolala ya diresi inkakakhula mpaka kusupuka. Tsiku lokachotsa tinawaperekeza awiri, ine ndi akulu anga achisamba. Pabenchi la chipatala, mayi wina wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, anatilangiza osafunsidwa.

"Musakambe va mankhwala. Bazakubwezani, mukayambe futi laini."

Akulu anandiyang'ana. "Wamvela, profesa? Unkhale chabe zii."

Dokotala atafunsa ngati bamayo akumwa mankhwala aliwonse, akulu anati, "Kulibe." Kwathu wamng'ono satsutsa mkulu pamaso pa alendo. Ine, mwamuna wandevu zoyera, ndinangoima ndikuwerenga kalendala ya pakhoma. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umawira.

Dokotala anati ndi ntchito ya kanthawi kochepa, tidikire panja. Kenako namwino anatuluka chothamanga, n'kubwerera atakumbatira thonje. Atatiitana, tinapeza chitenge cha bamayo chitanyowa mpaka m'chiuno. Bala analisoka, koma magazi ankatulukabe pamene panadutsa singano. Dokotala anali atapanikiza khosilo ndi chikhatho chonse.

"Bakumwa chani aba bamayo? Kambani!" anakuwa.

Apo ndiye pakamwa panga panatseguka, ndinatchula mapilitsiwo.

"Sembe munakamba, sembe ninakonzekela! Sinenze kukubwezani!" anatero dokotala.

Anamasula ulusi, anawotcha timitsempha ndi kachipangizo kamagetsi mpaka chipinda chinanunkha ngati mapazi a ng'ombe pambaula. Anasokanso, n'kumanga bandeji yothina. Magazi analeka. Milomo ya bamayo inali itatuwa ngati phulusa.

Titakwera minibasi, akulu anati, "Waona? Nchito yasila lelo lomwe."

Ndinawalalatira. Ndinawauza kuti akanapha bamayo chifukwa cha nzeru za pabenchi, kuti uchisamba si udokotala, kuti nanenso ndine chitsiru chodziwa kuwerenga. Kondakitala analeka kuitanira anthu. Bamayo, osatha ngakhale kutembenuza khosi, anafufuza mkono wanga n'kunditsina.

"Iwe," ananong'ona, "ni bakulu bako."