Phala losungunuka la Anafumbi

Dzina lawo lenileni ngakhale mwini chigayo analiiwala. Onse ankangoti Anafumbi, chifukwa kwa zaka makumi atatu anakhala pa mkeka womwewo kuseri kwa chigayo, lichero pamiyendo, nsidze zili mbuu. Ntchito yawo inali yopetera anthu. Chimanga ankapeta akucheza, koma akagwira mawere pakamwa ankatseka. Tinjere take n'tating'ono ngati mchenga, ndiye kuti ulekanitse njere ndi mchenga weniweni pamafunika dzanja lakumva. Mayiwa ankangogwedeza lichero katatu, kulipendeketsa pang'ono, basi timiyala tonse tathawira mbali imodzi. Ukayesa iwe, theka la mawere pansi, nkhuku zikukuthokoza.

Sukulu sanapite nayo patali. Mwamuna anamwalira kalekale, ana sanakhale nawo. Wawo anali mmodzi yekha, achimwene awo, dalaivala wa malole wopuma ntchito, munthu wosayamika chakudya chibadwire. Umuphikire bwanji, apezapo chonena.

Achimwenewo atawachita opaleshoni ya pakhosi, anakakhala kwa mwana wawo wamkazi, mphunzitsi. Mawu anathawa, ndipo cholimba chilichonse sichinkadutsa. Mphunzitsiyo ankaphika phala n'kumalithira madzi mpaka lithe kumezeka, moti chimene bambo ake ankamwa anali madzi otuwa chabe. Munthu anatha, wotchi n'kumatsetserekera kuchigongono. Namwino ananena mosapsatira kuti akapanda kukwera sikelo pomatha sabata zitatu, awaika chipaipi chodyera cha m'mphuno. Bambowo anangotembenukira kukhoma. Aliyense anamva kuti chipaipicho sadzachilola, bola kufa.

Anafumbi anabwera ndi mawere m'kathumba. Anapeta, anatsuka, anaviika tsiku lathunthu, kenaka anawayala pa thumba lonyowa pakona ya khitchini n'kufunditsa. Tsiku lachitatu poweruka kuchigayo anapeza pakonapo pali see, pokolopedwa bwino.

"Mawere anga ali kuti?"

"Ndataya, azakhali. Anayamba kuola, anatuluka tinthu toyera ngati mphutsi. Adadi angadye zimenezo?"

Kalanga ine! Anafumbi anakhala pansi pomwepo. "Mwana iwe, imeneyo inali mizu. Wataya masiku a bambo ako kudzala." Sanapitirire apo, poti mwanayo anachita ndi chikondi, ukhondo wokha ndi umene unamupitirira. Anayambiranso, ulendo uno kunyumba kwawo, pansi pa bedi lawo. Atamera anawayanika padzuwa masiku awiri, anawafikisa m'manja kuti timizu tithothoke, n'kukagayitsa. Pofika apo masiku khumi anali atapita.

Nzeru imeneyi palibe anawaphunzitsa. Chaka china denga la chigayo linadontha, thumba la mawere linamera, mwini wake n'kuti litayidwe. Anafumbi kutaya chakudya sadziwa. Anayanika, anagayitsa, ndipo phala lililonse lomwe anathiramo ufawo linkasanduka lamadzimadzi. Poyamba anayesa ufa woonongeka, mpaka anaona kuti phala lamadzilo likuwagwira m'mimba tsiku lonse.

M'mawa umenewo, m'khitchini ya mphunzitsi, anaphika phala la ufa wa mawere wamba, lolimba moti supuni inaima chilili.

"Azakhali, limenelo ngakhale ine linditsamwa."

"Khala chete, uziona."

Anaphula poto, anadikira kuti litsike kutentha pang'ono, anawazamo supuni imodzi ya ufa wa mawere omera aja, n'kuyamba kutakasa. Poyamba palibe chinachitika. Kenaka mthiko unayamba kupepuka m'dzanja. Phala lija linagonja, linafewa, linayamba kuyenda m'poto, ndipo atakweza mthiko linatsika chuu ngati mkaka.

Mphunzitsi anagwira pakamwa. "Madzi mwathira nthawi yanji?"

"Waona madzi iwe?"

Kunena zoona, Anafumbi eni ake tsitsi linawanyerenyetsa, monga linkachitira nthawi zonse. Zaka zonsezi sanazolowere. Kanjere koti ukayetsemula kauluka, kusungunula poto wathunthu, chakudya chonse chili momwemo, osachotsapo kapena kuonjezerapo kanthu! Anawiritsanso pang'ono, anasefa, anathira m'kapu n'kulowa nayo kuchipinda.

"Achimwene, dzukani mumwe."

Bambowo anayang'ana kapuyo mokayika, anapsontha, anadikira ululu. Phala linadutsa. Anapsonthanso. Kapu inatha, ndipo masana anamwa ina, madzulo inanso yothira nsinjiro zosefa ndi timafuta.

Tsiku la sikelo anapita onse atatu. Namwino anayang'ana manambala, anawatsitsa bambowo, anawakwezanso, n'kufunsa chimene akudya. Atamva anagwedeza mutu. Anati mawere pawokha amalimbitsa mafupa ndi kuthandiza magazi, koma njere ikamamera imadzipangira mphamvu yosungunulira chakudya chake kuti kammera kayamwe, ndipo mphamvu yomweyo ndi imene inagwira ntchito m'poto.

"Ndiye kuti kanjereka kamadzitafunira?" anafunsa Anafumbi.

"Eya mayi. Kawatafunira abambowa."

Chipaipi chija namwino anachibwezera m'kabati.

Atafika kunyumba, Anafumbi anasungunulanso poto wina, mphunzitsi ataima pambali ndi manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu. Achimwene awo anamwa mpaka theka, anaika kapu pampando, n'kuwakodola ndi chala. Milomo inagwedera kaye, kenaka panatuluka kamawu kosasa, koyamba m'miyezi iwiri.

"Achemwali."

"Wawa, achimwene."

"Shuga wachepa."

Anafumbi anaseka, misozi ili chuchuchu, n'kudzuka kukatenga shugayo.