Mkamwini Woyang'anira Magetsi a Mphepo

A Rodgers Masiye sanapite kusukulu ya zamagetsi, wina asakunamizeni. Anali akabaza pa Chipoka, kenaka anakwatira Dailes kumudzi wina wa m'mbali mwa nyanja nkukhala chikamwini. Bungwe lina litaimika makina awiri a mphepo pamtunda, nkulumikiza mawaya ake ndi masola, magetsi a dzuwa a mudzi wa kutsidya kwa msewu, anthu anasankha iwo kuti azisamala kanyumba ka makinawo. Ankati bamboyu salawa mowa, komanso mkamwini sakana ntchito.

Ntchitoyo inali ya maso. Pakhoma panali mita, ndipo muvi wake unayenera kukhala pa fifite. Mwera ukamawomba, mapiko a makina akuzungulira, muvi unkangoti phee. Mphepo ikafooka anthu akukoka magetsi ambiri, muvi unkatsika, mamota nkumabuula ngati ng'ombe yolemedwa ndi ngolo. Zikatero a Rodgers ankazimitsa zodya magetsi kwambiri, kuyambira chigayo, kuti midzi iwiriyo isagwere limodzi. Kale bokosi lalikulu la m'kanyumbamo linkadula lokha, koma kachitsulo kodulirako katafa anthu anangolumikiza waya molambalala. Amisiri a bungwe potsanzika ananena mosabisa kuti bokosilo likadzapsa, lina kulibe.

Koma ndiye anatukwanidwa bamboyu! Owotcherera ankati ndi wansanje, amayi ankati amadzimva ngati mphepoyo ndi ya kwawo. Iwo ankangoseka, nkudikira kuti mapiko ayambenso.

Ndiye kunagwa maliro a malume ake a Dailes. Kunali mitambo tsiku limenelo, masola akungopereka pang'ono, nyanja ili bata. Apongozi awo a Rodgers, mlongo wake wa malemuyo, anatsogolera amayi kuchigayo ndi matumba a chimanga cha pamaliro. Mota ya chigayo italira, muvi unayamba kutsika.

A Rodgers anagwira swichi. Posuzumira pawindo anaona apongozi ali khale pansi pakhomo pa chigayo, atafunda chitenje kumutu. Mayi ameneyu chikwatirire a Rodgers sanamuyang'anepo kumaso, akakumana panjira amapatukirana. Lero akamuzimitsire chigayo, anthu ochokera kutali akudikira chakudya pasiwa? Anachotsa dzanja paswichipo. Anaitana Dailes nkumufotokozera kuti akapemphe amayi ake adikire kaye mphepo.

"Inu a bambo a Beauty, ufa wa pamaliro?" anatero Dailes. "Mukufuna mawa tidzayende bwanji m'mudzi muno?" Ndipo anabwerera kwa anzake.

Anaganiza zothamanga m'makomo kuti anthu azimitse mafiriji, koma nyumba zonse zinali zotseka, eni ake ali kumaliro. Anaimbira foni mnzawo woyang'anira masola kutsidya kuja, iye nkuyankha kuti kwawonso dzuwa kulibe, azimitse chigayocho basi. Kunena nkosavuta ukakhala kuti mudziwo ndi wakwanu. A Rodgers anatuluka panja, nkuyang'ana mapiko ali njoo, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Munthu wamkulu anapempherera mphepo mokweza, manja ali m'chiuno, misozi ili pafupi. Anadziuza kuti thumba limodzi lokha lithe, azimitsa. Litatha anati linanso limodzi.

Bokosi linangoti phuu, utsi wakuda nkudzaza kanyumba. Chigayo chinaleka kulira, midzi yonse iwiri zii.

Anakhala pakhomo, fungo la mawaya opsa lili m'mphuno. Palibe anabwera kudzawakalipira, poti palibe ankadziwa kuti bokosi lapsa. Anthu anazolowera kuti a Rodgers akazimitsa, pakapita kanthawi amayatsa. Amayi anangokhala pamzere ndi matumba awo nkumadikira.

Patapita nthawi Dailes anafika, nkugwada chapatali poti anali ndi mawu a akuluakulu.

"Amayi akuti amvetsa, mphepo yavuta. Akuti musadandaule, adikira. Ikangobwera muyatse."

"Chabwino," anatero a Rodgers, osadzutsa mutu.